Zigoba Zobooka Pamwamba

Ndisanapite ku Joni, madzi aakulu amene ndinawaonapo anali a mtsinje wa Bua ukasefukira. Nkhono ndinkadziwa imodzi yokha, ija imakwawa m'mizere mvula ikagwa. Wina akanandiuza kuti ndidzakhala zaka ndikudyera nkhono, ndikanati mutu wake sukuyenda bwino.

Ndinali mkamwini m'mudzi wina cha kwa Chiosya. Mkazi wanga anali Nambewe, ndipo tinali ndi mwana mmodzi, Tereza, amene anali atangoyamba kuyenda. Ndinkagwira ntchito yosankha fodya pa esiteti ina yapafupi. Ntchitoyo ndinkaidziwa: kutola tsamba, kuliyang'ana mtundu, kulikhudza, n'kuliponya pa mulu wake. Koma matipate atabwera, aliyense n'kuyamba kulima fodya wa bale pakhomo pake, esiteti ija inafooka. Matenanti anabalalika, zigafa zinagwa, ife osankha anatiuza kuti adzatiitana. Mpaka lero sanatiitane.

Amene ananditenga anali alamu anga, a Mofati, achimwene ake a Nambewe. Pa ana onse a apongozi anga aakazi mwamuna anali iwo okha, ndiye mbumba yonse inkayang'ana kwa iwo. Anali atatsogola kale ku Joni. Atabwera kudzaona kumudzi, anandipeza ndikusema mpini pansi pa mtengo wa mango.

"Alamu, maso anu osankhira fodya aja mukuwasungira chiyani? Tiyeni akagwire ntchito."

"Ku Joni kulinso fodya?"

"Kuli nkhono."

Ndinaseka, poti ine ndi iwo tinkachita chilamu kwambiri, kunyogodolana ngati ana. Koma iwo anapitiriza, nkhope ili gwa. Anati mzungu amene ankamugwirira ntchito ankagulitsa zigoba za nkhono za m'nyanja yamchere, ndipo ankafuna munthu wa maso akuthwa, wosamwa mowa, wosayankhayankha.

Tinatulukira pa boda ya Mchinji, m'thiraki ya dalaivala wina amene a Mofati ankadziwana naye. Nambewe anatiperekeza mpaka pa boma, Tereza ali kumbuyo. Sanalire. Anangondipatsa kajumbo ka mtedza wokazinga n'kutembenuka msanga. Za ulendowo ndimakumbukira zochepa: fumbi la ku Chipata, miyendo kutupa chifukwa chokhala mopindika kuseri kwa mpando wa dalaivala, ndi asilikali a pa maboda amene ankatembenuza pasipoti yanga yatsopano ngati akufuna kuinunkhiza.

Malowo anali tauni yaing'ono kupitirira Port Elizabeth. Nyanja ndinayamba kuimva ndisanaione. Ndinayesa kuti kukubwera mvula yamkuntho, koma kumwamba kunali mbee. A Mofati anandikwezera pa kachitunda ka mchenga n'kundisiya ndiyang'ane. Madziwo analibe tsidya. Ankadzuka, kuyenda, kudziponya pa miyala, kubwerera, n'kudzukanso. Ndinagwidwa ndi chizungulire, ndinakhala pansi.

"Muzolowera," anatero alamu. "Koma musadzaikonde. Ilibe m'bale."

Tinkagona m'kontena yachitsulo kuseri kwa shedi ya bwana. Nthawi yozizira makoma ankadontha thukuta lathu lomwe, nthawi yotentha munkapsa ngati mu uvuni ya njerwa. Antchito tinalipo ochepa: ife awiri, ndi amayi angapo a komweko amene ankamata zigoba pa magalasi ndi kutunga mikanda ya alendo odzaona nyanja. Wamkulu wawo anali Mama Nosipho, mayi wojintcha, wa mawu aakulu, amene anakulira pa miyala yomweyo. Iyeyu yekha ndi amene sankatitchula kuti makwerekwere, dzina lonyozera alendo.

Tsiku loyamba a Mofati anandikhuthulira ndowa ya zigoba patebulo. Sizinali zopiringizika ngati za nkhono za kwathu. Zinali ngati madenga a nkhokwe ochepetsedwa, zina kukula ngati chikhadabo, zina ngati chitsekero cha botolo, zina kudzaza pakati pa dzanja.

"Yambani ndi bowo," anatero. "Chimene chili ndi bowo pamwamba, uku. Chopanda bowo, uko. Zimaoneka ngati za mimba imodzi, koma si pachibale."

"Nanga bowoli anaboola ndani?"

"Mwini wake. Madzi amalowa kunsi, n'kumatulukira pamwambapa pamodzi ndi zonyansa zake. Ndi chimbudzi chimenecho, alamu, musachinyambite."

Azungu amazitchula dzina lochokera pa bowo lolowetsa kiyi pachitseko, poti ena mwa mabowowo ndi aatali, opanikizika pakati, ngati bowo la kiyi ndithu. Ena ndi ozungulira ngati dzira. Pa zina bowo lili pakati penipeni, pa zina linapendekera kutsogolo.

Ndinasankha mofulumira, kufuna kuonetsa kuti ndine wa ku fodya. Alamu anatola chigoba chimodzi pa mulu wanga n'kuchitembenuza.

"Ichi chakupusitsani. Chinabadwa chopanda bowo, mafunde ndi amene anachikhula pa miyala mpaka nsonga inathyoka. Taonani m'katimu, pangosweka basi. Tsopano onani ichi."

M'kati mwa chenichenicho, bowo linali ndi mlomo wake wokhuthala, wosalala, wolizungulira ngati mkombero wa mphika. Anandiphunzitsa kuti mlomowo ndi umene umanena mtundu. Pa zina umazungulira bwinobwino mpaka kukumana. Pa zina kumbuyo kwake umaoneka ngati wina anaudula ndi mpeni, ndipo zimenezi ukazitembenuza, nthawi zambiri kunja kwake mizere imakhala yopingasana ngati maluko a lichero. Zinazo mizere yake imangotsika kuchokera pa bowo kupita m'mphepete ngati phaso la denga, ndi timizere tofiirira kapena takuda. Bwana ankalemba mayina ake aatali a Chilatini pa timapepala. Ife tinali ndi mayina athu: lichero, phaso, ndi chishalo. Chishalo chinali chigoba chotukuka kutsogolo ndi kumbuyo ngati chishalo cha njinga. Ukachiika patebulo n'kuchikhudza, chinkagwedera.

Panalinso tina tating'ono topanda bowo pamwamba, koma tong'ambika pang'ono kutsogolo, m'mphepete. Ndinatiponya ku zopanda bowo. Alamu anatibweza.

"Mwati chopanda bowo si m'bale," ndinatsutsa.

"Kang'ambidwe aka ndi bowo lomwelo, kungoti silinakwere."

Anandionetsa pa galasi lokulitsa zinthu la bwana. Nkhonozi zikakhala makanda, zimayamba ndi kang'ambidwe m'mphepete. Pamene chigoba chikukula, pa mitundu ina kang'ambidweko kamatsekeka kunsi, n'kutsala ngati bowo, mpaka limapezeka pamwamba. Pa mitundu ina kamangokhala pomwepo moyo wonse. Onsewo ndi banja limodzi. Ndipo asuweni awo, anatero alamu, si zopanda bowo zija zofanana nazo maonekedwe, koma zigoba zazikulu zonga khutu, za mabowo ondondozana, zimene apolisi ankamanga nazo anthu akawapeza akuzitola.

Kusankha kokha ndikanakukonda. Kunali ngati fodya, maso ndi zala zimaphunzira, mutu n'kumapita kumudzi. Koma zigoba zinali za magulu awiri. Zotoledwa pa mchenga, zokhulika, zinkapita kwa amayi a mikanda, poti bowo lotungira linalipo kale. Zimene zinkamudyetsa bwana zinali zina, zopanda chilema, zimene ankaziika pa thonje m'timabokosi n'kutumiza kunja. Chigoba chotero sungachipeze pa mchenga. Uyenera kuchichotsa pa mwala mwini wake ali moyo.

Tikabwera nazo, tinkaziviika m'migolo kuti nyama iwole. Fungo lake sindingalifanizire ndi china. Linkalowa m'zovala, m'bulangete, m'chakudya. M'sitolo anthu ankatipatuka. Zikawola tinkazikolopa ndi waya ndi burashi, kuziviika m'mankhwala oyeretsera, kenako kuzinyika mwamsanga mu asidi kuti mtundu uwale. Magolovesi ankang'ambika msanga ndipo bwana sankafulumira kugula ena. Zikhadabo zanga zinafewa, zina n'kuchoka. Zala zinang'ambika ming'alu imene madzi amchere ankaipeza m'mawa uliwonse. Utsi wa asidi unkakanda pakhosi, ndipo tonse awiri tinayamba kutsokomola chifuwa chouma.

Masiku a pa pasipoti anatha, sitinabwerere. Kuyambira pamenepo galimoto ya apolisi ikadutsa pamsewu, tinkalowa m'kontena. Bwana ankadziwa, ndipo ankatikumbutsa tikayamba kudandaula. A Mofati ankangoti, "Kwa eni kulibe mkuwe, alamu. Tolani burashi."

Komabe panali masiku abwino. Lamulungu sitinkagwira ntchito. Tinkachapa, tinkametana tsitsi ndi lezala, alamu n'kumandinena kuti mutu wanga ndi wa mabampu ngati msewu wa kwa Chiosya. Ankaimba nyimbo za kutchalitchi ndi mawu oipa kwambiri, ndipo Mama Nosipho akadutsa ankatseka makutu. Za m'nyanja alamu sankadya, ankati munthu sadya chinthu chimene sadziwa kumene kuli mutu wake. Dalaivala uja akafika ku Joni tinkamutumizira katundu ndi kangachepe koti akasiye kumudzi. Mwa njira imeneyo Nambewe anafolera nyumba yathu ndi malata, ndipo a Mofati anagulira akazi awo makina osokera. Tikamva kuti zafika, tinkayang'ana zala zathu n'kuona ngati zapola.

Kutola zamoyo kunali ndi nthawi yake. Nyanja ija imaphwa ndi kudzaza tsiku lililonse, koma mwezi ukakhala wathunthu kapena ukafa, imaphwa kwambiri, n'kuvundukula miyala imene masiku ena onse imakhala pansi pa madzi. Nkhono zobookazi sizikonda dzuwa. Zimabisala kunsi kwa miyala, m'ming'alu, kumapeto kwenikweni kumene madzi athera. Chishalo ndiye chinali chovuta koposa. Nyama yake ndi yaikulu kuposa chigoba, moti chigobacho chimangokhala ngati kachipewa pamsana pa chinthu chonenepa, chofewa, chofanana ndi mwala womwewo. Umachipeza ndi dzanja, osati ndi maso.

Mama Nosipho ndi amene ankatitsogolera. Lamulo lake linali limodzi: nyanja suipatsa msana. Iye ankaima pa mwala wautali n'kumayang'ana mafunde, ife tikufufuza kunsi. Akaona lalikulu ankaimba mluzu, ife n'kukwera. Ine ndi alamu tonse sitinkadziwa kusambira. Bwana sanatifunsepo.

Chaka chimene kwathu kunagwa njala yaikulu ija, bwana analandira oda ya zishalo kuchokera kunja. Inali nthawi yozizira. M'mawa wa tsikulo kunja kunacha bwino, kopanda mphepo, koma Mama Nosipho atayang'ana nyanja anapukusa mutu. Anati pamwamba pagona, koma pansi pakupuma, kwinakwake kutali kwagwa mkuntho. Anakauza bwana. Bwana anayang'ana kumwamba n'kunena kuti madzi sadzaphwanso chotere mpaka patapita masabata awiri, ndipo wogula sadikira.

Tinapita. Tinatsetsereka mpaka ku miyala yakumapeto, yoterera ndi ndere. Zishalo zinalipo zambiri tsiku limenelo, zazikulu, zopanda chilema. Ndowa yanga itafika pakati, ndinakwera pang'ono kukaiika pouma. A Mofati anali atapeza mng'alu wautali pansi pa thanthwe. Anagona chafufumimba, dzanja lonse mpaka phewa lili m'katimo, mutu uli cham'mbali.

Mluzu ndinaumva. Ndinatembenuka n'kuona madzi atayima ngati khoma la nyumba. Ndinaitana alamu. Ndinawaona akusolola dzanja, akugwada, akufuna kuimirira. Kenako madzi anandimenya ineyo, kundigwetsa, kundikokera pa miyala. Ndinakumbatira mwala ndi manja ndi miyendo, madzi akundidutsa pamutu, m'mphuno, m'makutu. Atabwerera, ndinadzuka magazi ali chuchuchu m'mawondo. Pa thanthwe paja panalibe munthu.

Ndinawaona kamodzi, patali ndithu, mutu wokha ndi dzanja. Anali atavala jombo, ndipo jombo zikadzaza madzi zimalemera ngati miyala. Funde lina linadutsa. Sindinawaonenso.

Ndinafuna kutsika. Mama Nosipho anandigwira m'chiuno n'kundigwetsa pansi, n'kundikhalira. Ndinamumenya, sanandisiye. Ankangobwereza m'chilankhulo chake kuti mmodzi wakwana.

Bwana atamva, funso lake loyamba linali loti anaona ndani. Mama Nosipho anavula epuloni n'kuyenda yekha kupita kupolisi, poti iye anali nzika, analibe choopa. Kunabwera boti, linazungulira mpaka madzulo ndi tsiku lotsatira. Ine ndinayenda m'mphepete mwa nyanja masiku ambiri, kuyang'ana pa mulu uliwonse wa ndere, kuthamangira chilichonse chakuda chimene mafunde alavula. Ndinapeza matayala, zingwe, mbalame zakufa. Amayi aja anandiuza kuti pamalo amenewo madzi amakokera kunja, ndipo amene watengedwa sabwera kawirikawiri.

Nditabwerera ku shedi ndinapeza zishalo za tsiku lija zitawola kale mu mgolo. Bwana anandigwira paphewa, anati pepani, a Mofati anali munthu wabwino. Kenako anandipatsa burashi. Ndinazitsuka. Zinali zokongola kuposa zonse zimene tinatolapo. Anaziika pa thonje, zinapita.

Uthenga ndinautumiza pa telefoni. Ndinaimba pa kanyumba kena ka matelefoni pa boma la Mchinji, kupempha kuti atume munthu kumudzi. Pa tsiku limene tinapangana anabwera amalume ake a Nambewe, alongo awo a apongozi. Ndinawafotokozera. Anamvetsera osandidula.

"Tamva," anatero. "Mtembo ufika liti?"

"Mtembo palibe, amalume."

Kuseri kwa mawu awo kunkamveka phokoso la minibasi za pa boma.

"Akamwini, munthu amafa wopanda mtembo?"

Ndinafuna kunyamuka sabata yomweyo. Koma dalaivala uja anabwera ndi mawu a Nambewe, akuti musabwere, kuno anthu akudya gaga ndi zitsa za nthochi, mukabwera tifera limodzi. Ndiye ndinakhala. Ndinkagona ndekha m'kontena, bedi la alamu lili pomwepo. Ku miyala yakumapeto sindinapitenso, bwana analemba anyamata a komweko odziwa kusambira. Ine ndinkasankha ndi kutsuka. Chimene ndapeza ndinkachigawa patatu: kwa Nambewe, kwa apongozi, ndi kwa akazi a a Mofati amene ankakhala kwawo ndi ana. Njala inatha, ndinakhalabe, mwina chifukwa choopa nkhope za kumudzi. Chimene chinandichotsa ndi chifuwa. Bwana ataona kuti ndikutsokomolera pa zigoba zake, anati ndikapume kwathu. Mama Nosipho anandiperekeza ku basi. Anandipatsa buledi ndi mazira owiritsa, n'kundiuza kuti ndikawauze amayi a Mofati kuti iye anaimba mluzu.

Ndinafika kumudzi masana, nditanyamula zikwama ziwiri, changa ndi cha alamu. Mudzi unali utachepa. Nyumba zina zinali mabwinja, eni ake anatha ndi njala kapena matenda. Yathu yokha ndi imene inkawala malata. Tereza anali atatalika, ndipo atandiona anathawira kuseri kwa nkhokwe. Nambewe anandilandira chikwama, anandipatsa madzi osamba, anandifunsa za ulendo ngati mlendo wa kutchalitchi. Anthu ankabwera kudzandipatsa moni, koma ankakhala patali, ndipo palibe amene anagwira dzanja langa. Ndinayesa kuti akuopa zala zanga zopanda zikhadabo ndi kuwonda kwanga.

Nkhani yeniyeni ndinaimva pang'onopang'ono. M'mudzi ankati ndinakhwima. Ena ankati ndinawapereka alamu kwa mzungu kuti ndipeze malata. Ena ankati a Mofati sanafe, ndinawasandutsa ndondocha, akundigwirira ntchito kosaoneka, n'chifukwa chake mtembo kunalibe ndipo ine sindinasowe chotumiza chaka cha njala. Chimanga cha ndalama zanga chimene anadya chaka chimenecho anali atachiiwala, kapena ndinene kuti ankachikumbukira kwambiri.

Maliro anali asanachitike. Zaka zonsezo apongozi anakana. Anati iwo salira mphekesera ya pa telefoni. Akazi a a Mofati anali chikhalire kwawo, osameta, osamasulidwa, osadziwa ngati ndi namfedwa kapena mkazi wa munthu.

Amalume anasonkhanitsa abale. Anandikhazika pakati, ndinafotokoza zonse. Nditatha, mmodzi wa asuweni anafunsa kuti ngati madziwo anatimenya tonse awiri, anasankha bwanji. Wina anafunsa chifukwa chimene ndinapitirizira kudya pakhomo pa mzungu yemweyo. Ndinayankha zimene ndikanatha. Amalume anatseka ndi mawu akuti, "Munapita awiri, akamwini. Ife tikuona mmodzi." Apongozi anali kumbali ya amayi, atafunda chitenje kumutu.

Patapita masiku angapo Nambewe anandiuza kuti amayi ake akundifuna. Ndinadabwa, poti chikwatirire m'mudzimo ine ndi apongozi tinali tisanakhalepo pamodzi. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Mawu ankadutsira mwa anthu ena. Ndinawapeza kuseri kwa khitchini yawo akuswa mtedza. Ndinanjuta patali, nditayang'ana kumbali.

"Senderani, apongozi," anatero. "Ulemu tinachita kale. Lero ndikufuna ndikuoneni pakamwa."

Ndinasendera. Anali atakalamba kwambiri, maso atalowa.

"Madzi amenewo ndi aakulu bwanji?"

"Kuchokera pano mpaka pamene maso athera, ndi kupitirira. Tsidya kulibe."

"Ndiye mwana wanga ali m'menemo?"

"Ali m'menemo."

"Ananena kanthu?"

Ndikanatha kuwauza kuti anaitana amayi ake. Ndinaona kuti akudikira mawu amenewo. Koma ndinati, "Sindinamve. Madziwo amasokosa kwambiri. Mayi amene ankatiyang'anira anaimba mluzu, ndipo anati ndikuuzeni kuti anaimba. A Mofati anaumva, anayamba kudzuka. Madzi anafulumira."

Anaswa mtedza umodzi, n'kuuyang'ana, osauika m'lichero.

"Ankafunamo chiyani pansi pa mwalapo?"

"Nkhono."

"Zodya?"

"Ayi. Zigoba zake. Zili ndi kabowo pamwamba. Anthu a kunja amazigula, amaziika m'timabokosi, chilichonse ndi dzina lake."

"N'kumatani nazo?"

"Amaziyang'ana."

"Kungoziyang'ana?"

"Kungoziyang'ana."

Nkhuku inabwera kudzajompha mtedza m'lichero, sanaiingitse. Kenako anati, "Munthu wonama akanapeka nkhani yabwinoko. Pitani mukawauze amalume ake aitane adzukulu." Atatero anagwetsa lichero, n'kuyamba kulira maliro amene anawasunga zaka zonse zija, ndipo amayi a m'mudzi anatuluka m'nyumba zawo kuthamangira komweko.

Ndinayesa kuti zatha. Koma madzulo a tsikulo Nambewe anakhala pakhonde, ine pa mpando, n'kuyankhula atayang'ana pansi.

"Bambo a Tereza, ine sindikuti munawapha. Amayi akhulupirira, inenso ndakhulupirira. Koma mudzi sunakhulupirire. Mwanayu anzake akumutcha mwana wa mfiti, kumjigo amayi akandiona amasiya nkhani. Ndipo ineyo, mvula ikamagwa pa malata awa, sindigona. Maliro akatha, mupite kwanu."

"Ndi mawu a amalume amenewa?"

"Ndi anga."

Sindinakangane naye. Mkamwini alibe munda, alibe manda. Lero ndimakhala kufupi ndi boda, ndimapalasa kabaza chifuwa chikandilola, kunyamula amayi a geni ndi katundu wawo. Tereza anakula, amabwera kudzandiona ndi mwana wake. Nambewe sanakwatiwenso, ndipo tikakumana pa maliro a abale timapatsana moni bwinobwino.

Koma ndisanachoke ndinadikira mwambo wa alamu anga. Adzukulu anakumba manda aakulu ngati a munthu aliyense. Kalipentala anakhoma bokosi la msinkhu wa a Mofati, poti apongozi anakana laling'ono. Ndinatsegula chikwama chija pamaso pa abale. Akazi awo anasankha malaya oyera, buluku, jekete ndi nsapato zawo za Lamulungu, n'kuziyala m'bokosimo mwa dongosolo, malaya kumutu, nsapato kumiyendo. Anakhoma misomali.

Njira ya kumanda inkadutsa m'munda wokololedwa, mopingasa mizere. Adzukulu ananyamula bokosilo n'kuyesetsa kuyenda pang'onopang'ono ngati lolemera. Ine ndinali pambuyo pawo, pakati pa amuna amene sankandiyang'ana. Pa mzere uliwonse bokosi linkapendekeka, ndipo nsapato zija zinkaserereka m'katimo n'kukagunda thabwa, gu, kenako n'kubwerera. Tonse tinkamva. Apongozi ankamva. Mayi wotsogolera kwaya anacheuka, anayang'ana anzake, n'kukweza nyimbo.